ANTHU OTCHUKA A MAKEDZANA: Antoine Lavoisier, Munthu Amene Adaika Madzi pa Sikelo

Mtsikana wa ku Naisi akasenza chigubu cha malita 20 kuchokera ku mjigo, pamutu pake pamakhala katundu wa makilogalamu 20, osaŵerengera kulemera kwa chigubucho. Mlimi wa mpunga wa kumunsi kwa mtsinje wa Domasi akadzaza mgolo wa malita 200, madzi a mumgolomo amalemera ngati matumba anayi a feteleza. Ana a sukulu amaloŵeza pamtima kuti lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndipo ambiri amayesa kuti zimenezi zidangochitika mwangozi, kapena kuti zidali choncho chiyambire. Iyayi, si choncho. Lita ndi kilogalamu zidachita kukwatitsidwa ndi anthu, ndipo nkhoswe ya ukwati umenewu idali madzi. Woyamba kuyesa madziwo pofuna kukhazikitsa muyeso watsopano adali Mfalansa wina dzina lake Antoine Laurent Lavoisier, amene adadulidwa mutu ntchitoyo isadafike kumapeto. Lero tiona mbiri ya munthu ameneyu.

Ubwana ndi maphunziro ake

Lavoisier adabadwa pa 26 Ogasiti 1743 mumzinda wa Paris, m'banja lopeza bwino. Bambo ake adali loya wodziŵika. Mai ake adamwalira iye ali ndi zaka zisanu zokha, choncho adakulira m'manja mwa agogo ake aakazi ndi mng'ono wa mai ake. Atakwanitsa zaka 11 adaloŵa sukulu ya Collège Mazarin, kumene adaphunzira ziyankhulo, masamu ndi sayansi. Pofuna kutsata mapazi a bambo ake adaphunziranso zamalamulo, nalandira chilolezo cha uloya mu 1764, koma mtima wake sudali ku bwalo la milandu. Nthaŵi yake yopuma ankapita kukamvera maphunziro a kemisitiri, ndiye kuti sayansi yofufuza zimene zimapanga chinthu chilichonse ndi m'mene zinthu zimasinthira zikasakanizidwa kapena kutenthedwa.

Mu 1766 adalandira mendulo ya golide chifukwa cha zimene adalemba pa njira yabwino younikira misewu ya mzinda waukulu usiku. Chaka chotsatira adatsagana ndi katswiri wa miyala, Jean-Étienne Guettard, pa ulendo wautali wa ku zigawo za Alsace ndi Lorraine. Pa ulendowu mnyamatayu ankaima pa zitsime, pa akasupe ndi pa mitsinje nkumayesa madzi ake. Ankagwiritsa ntchito kachipangizo koyandama, kamene kamamira kwambiri m'madzi opepuka, koma kamamira pang'ono m'madzi olemera chifukwa cha mchere wosungunukamo. Apa ndi pamene adazoloŵera mfundo imene idamtsata moyo wake wonse, yakuti mabotolo aŵiri ofanana, odzaza mofanana, sakhala olemera mofanana pokhapokha ngati zili m'katimo nzofanananso. Mu 1768, ali ndi zaka 24, adasankhidwa kuloŵa m'bungwe lalikulu la akatswiri a sayansi la dziko la France, lotchedwa Académie des Sciences.

Masiku 101 akuŵiritsa madzi

Kuyambira nthaŵi ya Agiriki akale anthu ophunzira ankakhulupirira kuti zinthu zonse zidapangidwa ndi zinayi: dothi, madzi, mpweya ndi moto. Ena ankanenanso kuti madzi akhoza kusanduka dothi, ndipo umboni wao udali woti ukaŵiritsa madzi oyera nthaŵi yaitali m'chiŵiya cha galasi, pansi pake pamatsala tinyenyeswa toyera. Aliyense amene adayang'anapo m'ketulo yakale akhoza kumvetsa chifukwa chake maganizo ameneŵa ankaoneka ngati oona.

Lavoisier sadatsutse ndi pakamwa. Adatenga madzi a mvula, naŵatcheza kangapo kuti ayere, ndiye kuti kuŵaŵiritsa ndi kusonkhanitsa nthunzi yake ikazizira. Adayesa madziwo pa sikelo, nayesanso chiŵiya cha galasi chili chouma. Kenaka adathira madziwo m'chiŵiyacho, natseka kukamwa kwake kuti pasatuluke kapena kuloŵa kanthu, nachiika pamoto kuyambira mu Okutobala 1768 mpaka pa 1 Febuluwale 1769, masiku 101. Tinyenyeswa tidaonekadi. Koma atayesa zonse pamodzi adapeza kuti kulemera sikudasinthe. Atayesa chiŵiyacho pachokha adapeza kuti chapepukako, ndipo kupepukako kudali pafupifupi kofanana ndi kulemera kwa zotsalira zija. Dothi lija silidachokere m'madzi ayi. Lidali galasi limene madzi otentha adalikukuta pang'onopang'ono. Chikhulupiriro chokhalitsa chidagwa chifukwa cha munthu mmodzi woleza mtima ndi sikelo yosanama.

Kuyambira pamenepo njira yake idali imodzi: kuyesa zonse zoloŵa, kuyesa zonse zotuluka, ndi kusapuma mpaka mbali ziŵirizo zitafanana, monga m'mene kalaliki wosunga ndalama amachitira ndi buku lake.

Wokhometsa msonkho

Kufanana kwake ndi kalaliki sikudali kwa pakamwa chabe. M'chaka chomwecho cha 1768 Lavoisier adagula gawo m'kampani yotchedwa Ferme générale. Masiku amenewo mfumu ya France sinkatolera yokha misonkho yambiri. Inkalandira ndalama kwa anthu olemera a m'kampaniyi, ndipo iwo ankatolera misonkho ya mchere, ya fodya ndi ya katundu woloŵa m'mizinda, phindu lotsala nkukhala lao. Anthu wamba ankadana nayo kampaniyi koopsa, ndipo adali ndi zifukwa zomveka, pakuti msonkho wa mchere unkapweteka kwambiri amphaŵi, pamene anthu a m'mabanja achifumu ndi akuluakulu a mpingo ankakhululukidwa misonkho ina.

Mu 1771 Lavoisier, ali ndi zaka 28, adakwatira Marie-Anne Paulze, mwana wa mmodzi mwa akuluakulu a kampaniyo. Mtsikanayu adali ndi zaka 13 zokha, ukwati umene malamulo athu a lero sangaulole. Atakula adasanduka dzanja lamanja la mwamuna wake: adaphunzira Chingerezi kuti azimasulira mabuku a akatswiri a ku Britain, ankalemba ziŵerengero m'chipinda choyeseramo zinthu, ndipo ndiye adajambula zithunzi za zipangizo zimene zili m'buku lalikulu la Lavoisier.

Ndalama za msonkho ndizo zidagula masikelo abwino koposa a nthaŵi imeneyo. Mu 1775 boma lidamuika kukhala mmodzi mwa oyang'anira kapangidwe ka onga wa mfuti, ndipo adasamukira ku nyumba ya Arsenal mu Paris, kumene adakonza chipinda chake choyeseramo zinthu. Adagulanso munda waukulu ku Fréchines, pafupi ndi mzinda wa Blois, kumene ankayesa mbeu, manyowa ndi zokolola kuti aone njira yochulukitsira chakudya. Njala itavuta mu 1788 adakongoza ndalama kuti anthu a chigawocho agulire chakudya. Koma munthu yemweyu ndiye adalimbikitsa zomanga linga lozungulira Paris, lokhala ndi zipata zolipiritsira msonkho, kuti katundu asaloŵe mozemba. Linga limeneli lidayamba kumangidwa mu 1784, ndipo anthu a mumzindamo sadamkhululukire.

Chinsinsi cha moto ndi madzi

Akatswiri a nthaŵi yake ankaphunzitsa kuti chinthu chikamapsa chimataya kanthu kena kosaoneka kamene ankakatcha phlogiston. Mu 1772 Lavoisier adatentha salufa ndi fosiforasi, napeza kuti zotsalira zake zidalemera kuposa poyamba. Chinthu chotaya kanthu chingalemere bwanji kuposa kale? Adaona kuti chopsacho chimatenga china chake mumpweya. Mu 1774 Mngerezi wina, Joseph Priestley, adafika ku Paris namfotokozera za mpweya umene adaupeza, umene kandulo imayaka kwambiri ikakhala m'menemo. Lavoisier adabwereza ntchitoyo ndi sikelo yake, nazindikira kuti mpweya umenewu ndiwo umagwirizana ndi chinthu chikamapsa, chitsulo chikamachita dzimbiri, ndiponso munthu akamapuma. Iye ndiye adaupatsa dzina limene ife timati okosijeni.

Mu Juni 1783, mothandizana ndi katswiri wa masamu Pierre-Simon Laplace, adatentha mpweya wina wopepuka pamodzi ndi okosijeni m'chiŵiya chotseka, ndipo m'katimo mudapangika madontho a madzi enieni. Henry Cavendish wa ku England adali ataona kale zotere, koma Lavoisier ndiye adanena poyera tanthauzo lake, lakuti madzi si chinthu chimodzi chosagaŵika, koma mipweya iŵiri yolumikizana. Mpweya wopepukawo udatchedwa haidirojeni, dzina lotanthauza wobala madzi. Mu 1785 adagaŵa madzi kukhala mipweya iŵiriyo, naibwezanso kukhala madzi, akuyesa kulemera pa sitepe iliyonse. Adapeza kuti pa magawo 100 a kulemera kwa madzi, 85 ndi okosijeni ndipo 15 ndi haidirojeni. Lero tikudziŵa kuti ndi pafupifupi 89 ndi 11, koma poganizira zipangizo za masiku amenewo sadaphonye patali.

Zonsezi adazisonkhanitsa m'buku lake la 1789, Traité élémentaire de chimie, m'mene adafotokoza lamulo limene ana a sekondale amaphunzira mpaka lero, lakuti zinthu zikamasintha maonekedwe, kulemera kwa zonse pamodzi sikuchepa ndipo sikuonjezereka.

Dziko la miyeso yambirimbiri

Chaka chomwecho cha 1789 anthu a ku France adaukira ulamuliro wa mfumu. Mwa madandaulo amene midzi ndi mizinda idalemba kupereka ku boma, nkhani ya miyeso inkabwera kaŵirikaŵiri. Dzikolo lidali ndi maina a miyeso mazanamazana, ndipo dzina limodzi lomwelo linkatanthauza kukula kosiyana ukachoka mzinda uwu kupita mzinda uwo. Eni malo ndiwo ankasunga mbiya ndi madengu oyesera, ndipo alimi ankadandaula kuti muyeso wolandirira tirigu wa lendi umangokulirakulira. Aŵerengi amene adagulitsapo chimanga kapena mpunga pa msika wa Songani akudziŵa kuti mbale yogulira ndi mbale yogulitsira sizikhala zofanana nthaŵi zonse, ndiponso kuti chidebe chopondereza kunsi chimaoneka chodzaza chikhalirecho chabera wogula. Vuto la Afalansa lidali lomwelo, koma la dziko lonse.

Mu 1790 nyumba ya malamulo idapempha Académie des Sciences kuti ikonze miyeso yatsopano ya anthu onse. Akatswiriwo adagwirizana zinthu zitatu. Choyamba, muyeso usachokere pa phazi kapena pa mkono wa mfumu iliyonse, koma pa chilengedwe chimene chilibe mwini. Chachiŵiri, miyeso izikwera ndi kutsika ndi 10, 100 ndi 1,000, kuti munthu wodziŵa kuŵerenga zala zake athe kuisintha. Chachitatu, miyeso ya kutalika, ya zamadzimadzi ndi ya kulemera ikhale yolumikizana ngati mphete za unyolo.

Mphete yoyamba idali mita. Mu 1791 adagamula kuti mita ikhale gawo limodzi mwa magawo 10,000,000 a mtunda wochokera ku North Pole, nsonga ya kumpoto ya dziko lapansi, kufika pa Ikweta, mzere wogaŵa dziko pakati. Akatswiri aŵiri, Delambre ndi Méchain, adatumidwa mu 1792 kukayesa chigawo cha mtundawo kuchokera ku Dunkerque mpaka ku Barcelona, ntchito imene idaŵatengera zaka zisanu ndi chimodzi. Mphete yachiŵiri idali kabokosi kotalika masentimita 10, kotambalala masentimita 10, kozama masentimita 10. Malo a m'kabokosi kameneka ndiwo tikuti lita lero. Mphete yachitatu idali kulemera kwa madzi oyera odzaza kabokosiko. Ntchito yopeza kulemera kumeneku idaperekedwa kwa Lavoisier, amene adalinso msungichuma wa bungwelo, pamodzi ndi wansembe wina wodziŵa za miyala, René Just Haüy.

M'mene adayesera madzi

Wina angafunse kuti, kodi panali chovuta chanji? Bwanji osangokhoma kabokosiko, kuthiramo madzi ndi kuika pa sikelo? Yesani ndi kapu kunyumba ndipo mudzaona. Madzi amakwera pang'ono m'mbali mwa chiŵiya, ndipo mukhoza kuonjezera madontho angapo pa kapu yodzaza osatayika. Kuonjezera apo, kuyesa m'kati mwa bokosi molondola nkovuta kuposa kuyesa kunja kwake.

Tsono Lavoisier ndi Haüy adabwerera ku nzeru ya Archimedes, Mgiriki wa ku Syracuse amene adakhalako zaka zoposa 200 Yesu asadabadwe. Nzeruyo ndi iyi: chinthu chikamizidwa m'madzi chimapepuka, ndipo kupepukako kumafanana ndendende ndi kulemera kwa madzi amene chaŵakankha pamalo pake. Aliyense amene adanyamulapo mwala m'kati mwa dziŵe la mtsinje wa Domasi adamva kuti mwalawo umalemera msanga ukangotuluka pamwamba pa madzi. Mmisiri wa zipangizo Nicolas Fortin adaŵapangira chitini chamkuwa chotsekeka, chooneka ngati ng'oma. Adayesa kutalika ndi kunenepa kwake m'malo ambiri mosamalitsa kuti adziŵe malo amene chimatenga. Kenaka adayesa kulemera kwake chili panja, nayesanso chili chomizidwa m'madzi otcheza. Kusiyana kwa ziŵerengero ziŵirizo kudali kulemera kwa madzi odzaza malo ofanana ndi chitinicho, ndipo masamu a kugaŵa adapereka kulemera kwa madzi a m'kabokosi kamodzi.

Padalinso zina zofunika kusamala. Madzi amafufuma akatenthedwa, kotero kuti lita ya madzi ofunda imapepuka kuposa lita ya madzi ozizira. Chifukwa cha ichi adasankha kuzizira kumodzi kodziŵika, kwa madzi oundana pamene akusungunuka. Mpweya nawonso umanyamula pang'ono chinthu chilichonse chimene chili m'kati mwake, monga m'mene madzi amachitira, ndipo ichinso adachiŵerengera. Mu Januwale 1793, mwezi womwewo umene mfumu Louis XVI idaphedwa, aŵiriŵa adapereka yankho lao: madzi a m'kabokosiko amalemera timiyeso takale ta Chifalansa totchedwa grain tokwana 18,841. Lamulo la pa 1 Ogasiti 1793 lidatcha kulemera kumeneku grave. Ameneyu ndiye kholo la kilogalamu.

Kumangidwa ndi imfa

Pamene ankayesa madzi mwa chifatse chotere, dziko lidali pamoto. Jean-Paul Marat, mmodzi mwa atsogoleri aukali a chipolowecho, adali atamnyoza kale m'nyuzipepala mu 1791, pokumbutsa anthu za linga lija. Pa 8 Ogasiti 1793 boma lidatseka Académie des Sciences, ngakhale kuti kabungwe ka miyeso kadaloledwa kupitiriza ntchito. Mu Novembala chaka chomwecho lamulo lidatuluka loti onse amene adali akuluakulu a Ferme générale amangidwe. Lavoisier adabisala masiku oŵerengeka, kenaka adakadzipereka yekha. Anzake a m'kabungwe ka miyeso adalemba kalata yopempha kuti amasulidwe popeza ntchito yoyesa sikadayenda popanda iye. Yankho la boma lidali kumchotsa m'kabungweko, pamodzi ndi ena mwa anzakewo.

Milandu yao idali yoti adabera boma ndalama, ndiponso kuti ankathira madzi m'fodya kuti alemere pa sikelo. Alimi a kuno kwathu akudziŵa bwino chinyengo chimenechi. Chomvetsa chisoni nchakuti Lavoisier ndiye adalimbana ndi ogulitsa amene ankasakaniza fodya ndi phulusa, ndipo adakhazikitsa mlingo wa madzi ochepa ololedwa pokonza fodyayo. M'ndende adathandiza kulemba mayankho a milandu yonse ndi ziŵerengero zake, koma bwalo la nthaŵi imeneyo silinkafuna ziŵerengero. Pa 8 Meyi 1794 mlandu udazengedwa m'maŵa, ndipo madzulo a tsiku lomwelo anthu 28 adadulidwa mitu ndi makina otchedwa guillotine. Apongozi ake, Jacques Paulze, adaphedwa iye akuona, kenaka idafika nthaŵi yake. Adali ndi zaka 50. Mitembo yao idaponyedwa m'dzenje limodzi. Patapita chaka ndi theka boma lidavomereza kuti adaphedwa molakwika, ndipo katundu wake adabwezedwa kwa mkazi wake, amene adasindikiza zolemba zake zotsala, nakhala ndi moyo mpaka 1836.

Ntchito idapitirira

Mwini adapita koma mbeu idamera. Lamulo la pa 7 Epulo 1795 lidakhazikitsa maina amene tikuŵadziŵa lero: mita, lita ndi galamu. Galamu idali kulemera kwa madzi odzaza kabokosi ka sentimita imodzi mbali zonse, ndipo magalamu 1,000 adatchedwa kilogalamu. Mu 1799 Louis Lefèvre-Gineau ndi Giovanni Fabbroni adabwereza kuyesa kuja ndi njira yomweyo yomiza chitini m'madzi. Iwo adasankha madzi a madigiri 4, pakuti pamenepo ndi pamene lita ya madzi imalemera koposa. Adapeza timiyeso 18,827 ndi kachidutswa, kusiyana ndi yankho la Lavoisier ndi Haüy kosakwana galamu imodzi pa magalamu 1,000. Chaka chomwecho adasula kachitsulo ka pulatinamu kolemera chimodzimodzi, nakasunga ku Paris ngati kilogalamu yeniyeni.

Mu 1875 maiko 17 adasainirana pangano la miyeso imeneyi, ndipo mu 1889 kachitsulo katsopano kadasungidwa ku Sèvres, pafupi ndi Paris, kukhala kilogalamu ya dziko lonse lapansi. Kadagwira ntchitoyo zaka 130, mpaka pa 20 Meyi 2019, pamene akatswiri adayamba kutanthauzira kilogalamu potsata chiŵerengero chosasintha cha m'chilengedwe chotchedwa ndi dzina la Max Planck. Tanthauzo lidasintha, koma kukula kwa kilogalamu kudatsala komweko, ndipo lita ya madzi ozizira idakali kilogalamu imodzi pa ntchito zonse za kumunda, za kusitolo ndi za kusukulu.

Kuno ku Malaŵi tidayamba ndi miyeso ya Angerezi: mapaundi, mapainti ndi magaloni. Achikulire akukumbukira debe la palafini la magaloni anayi, limene ndi malita 18 ndi pang'ono, ndi thumba la chimanga la mapaundi 200, limene ndi pafupifupi makilogalamu 91. Angerezi nawonso adagwiritsa ntchito madzi, pakuti lamulo lao la 1824 lidati galoni ndi malo odzaza mapaundi 10 a madzi. Koma mwana wa sukulu ankayenera kukumbukira kuti maaunsi 16 ndi paundi, mapainti 8 ndi galoni, mainchesi 12 ndi phazi. Mu 1971 dziko lathu lidasiya mapaundi, mashereni ndi makobiri nkuyamba kwacha ya matambala 100, ndipo pambuyo pake miyeso nayo idatsata njira ya makumi. Bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene lidakhazikitsidwa mu 1972, lili ndi udindo woyendera masikelo a amalonda ndi mapampu a mafuta.

Choloŵa chake kwa ife

Tsono tiyeni tione m'mene unyolo wa Lavoisier ndi anzake umagwirira ntchito. Lita imodzi ndi mamililita 1,000, ndipo kilogalamu imodzi ndi magalamu 1,000. Choncho mililita imodzi ya madzi ndi galamu imodzi. Kasupuni ka mamililita 5 kamatunga magalamu 5. Thanki ya mita imodzi mbali zonse imasunga malita 1,000, ndiye kuti tani imodzi. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, pagwa lita imodzi. Pa hekitala imodzi pagwa malita 10,000, kapena kuti matani 10. Mvula ya mamilimita 30 ya usiku umodzi imakhuthula matani 300 pa hekitala iliyonse ya m'mapiri a Zomba ndi Malosa. Woŵerengera zimenezi sadabwa kuona nthaka ya pamalo ogwetsedwa mitengo ikutsetsereka kupita ku nyanja ya Chilwa.

Koma apa pali msampha umene umakola ophunzira ambiri pa mayeso, ndi akuluakulu omwe pa msika. Kufanana kwa lita ndi kilogalamu nkwa madzi okha. Lita imayesa malo, kilogalamu imayesa kulemera. Lita ya palafini imalemera pafupifupi magalamu 800, ya mafuta ophikira 920, ya mkaka 1,030, ya uchi 1,400. Lamulo lake ndi ili: kuti mupeze makilogalamu, chulukitsani malita ndi kulemera kwa lita imodzi ya chinthucho, kuti mupeze malita, gaŵani makilogalamu ndi kulemera komweko. Malita 5 a mafuta ophikira kuchulukitsa ndi 0.92 ndi makilogalamu 4.6. Malita 20 a palafini kuchulukitsa ndi 0.8 ndi makilogalamu 16, nchifukwa chake chigubu cha palafini chimapepuka kuposa cha madzi. Kilogalamu imodzi ya uchi kugaŵa ndi 1.4 ndi mamililita 700 ndi pang'ono, motero wogulitsa uchi wa kilogalamu m'botolo la lita losadzaza sanakubereni. Mkaka wothiridwa madzi umatsika kuchoka pa 1,030 kuyandikira 1,000, ndipo ogula mkaka kwa alimi amagwira chinyengochi ndi kachipangizo koyandama, mbale wake wa kaja Lavoisier adayenda nako m'zitsime mu 1767.

Chimanga nacho si madzi. Pakati pa maso ake pamakhala mipata ya mpweya, kotero kuti chidebe cha malita 20 chodzaza mosalaza chimalemera makilogalamu 14 kapena 15, malinga ndi kauma kake ndi kagwedezedwe kake. Pa mankhwala ndiye pofunika kusamala koposa, chifukwa mamiligalamu ndi mamililita amamveka ngati ofanana chikhalirecho ndi zinthu ziŵiri. Botolo lolembedwa kuti muli mamiligalamu 125 m'mamililita 5 likunena kulemera kwa mankhwala osungunuka m'kasupuni kamodzi, ndipo kholo losokoneza ziŵirizi likhoza kupweteka mwana. Ngakhale madzi enieniwo amasintha pang'ono: pa madigiri 25, kutentha kozoloŵereka masana kuno, lita imalemera magalamu 997, ndipo madzi oundana amalemera magalamu 917 okha pa lita, nchifukwa chake amayandama.

Aphunzitsi a m'chigwa cha Domasi safunika zipangizo zodula kuti aonetse ana zimenezi. Katoni yodulidwa kukhala kabokosi ka masentimita 10 mbali zonse, yoyalidwa pulasitiki m'kati, botolo la lita, ndi sikelo yobwereka kwa wamalonda wa pafupi, nzokwanira. Ana ayese madzi, kenaka palafini, mchenga ndi chimanga, alembe okha zimene apeza. Phunziro lotere saliiŵala, ndipo akakula sadzavomera kugulitsa mbeu zao ndi chidebe chimene sakuchidziŵa.

Lavoisier sadali munthu wopanda chilema. Adalemera ndi misonkho imene inkalira amphaŵi, ndipo linga limene adalimbikitsa lidakweza mtengo wa chakudya cha anthu wamba. Komabe miyeso imene adathandiza kukhazikitsa yateteza amphaŵi ambiri kuposa amene kampani yake idaŵapweteka, pakuti kilogalamu ndi imodzi kwa mwini sitolo ndi kwa mai wogulitsa mpunga wake wochepa. Oŵeruza ake adakana kuyang'ana ziŵerengero, nagamula ndi mkwiyo. Iye adatisiyira mwambo wosiyana nawo, woti nkhani ikavuta, tiike zinthu pa sikelo tisadatsegule pakamwa.